Magetsi pa saiti: mafunso ndi mayankho kwa olemba ntchito omanga kuno ku Chipata

Chipata ikumangidwa. Chikwezedwereni tauni yathu kukhala mzinda mu 2017, kulikonse komwe mungaponye maso mupeza mulu wa mchenga ndi mabuloko: mashopu cha ku Kapata, nyumba za lendi ku Kalongwezi ndi ku Moth, malo ogona alendo m'mbali mwa msewu wa ku Mwami. Pa saiti iliyonse yotere pali waya wa magetsi, kaya wodutsa pamwamba, wokwiriridwa pansi, kapena wongokokedwa kwa neba kuti galayinda izungulire. Mafunso ali pansipa ndi omwe makontilakitala ang'onoang'ono, akapitawo ndi eni nyumba amafunsa kawirikawiri. Ndawayankha monga munthu amene wakhala zaka zambiri pakati pa simenti ndi mawaya, ndipo mbali yomwe ndaima sindibisa: kuuza mnyamata kuti "usamale" sikumuteteza ayi. Kumuteteza ndi kuchotsa magetsiwo panjira yake asanafikepo.

Kodi udindo woteteza antchito ku magetsi ndi wa yani?

Ndi wa amene walemba ntchito. Lamulo la Occupational Health and Safety Act la mu 2010 linanena poyera kuti wolemba ntchito aonetsetse, mmene kungathekere, kuti malo a ntchito, zida ndi kagwiridwe ka ntchito sizikuika moyo wa wantchito pachiswe. Linatinso amuphunzitse, amuyang'anire, ndipo akonzeretu za chithandizo choyamba ngozi isanagwe. Pamene pali antchito 10 kapena kuposa apo, linalamula kuti pakhale komiti yoona za umoyo ndi chitetezo, momwe muli a mbali ya abwana ndi a mbali ya antchito. Lamulo lakale la Factories Act nalonso limafika pa ntchito zomanga, dzina lake lisakunamizeni kuti ndi la m'mafakitale mokha.

Wantchito ali ndi mbali yake, zoona: avale zomwe wapatsidwa, amvere malangizo, anene akaona choopsa. Koma taonani amene ali ndi mphamvu pa saiti. Daka boyi sangapemphe a ZESCO, kampani ya magetsi, kuti azimitse laini. Sangagule chingwe chatsopano. Sangasunthe tsiku lokhoma malata. Zonsezi zili m'manja mwa amene wasunga chikwama, ndipo n'chifukwa chake katundu wolemerayo lamulo linamusenzetsa iyeyo.

Anyamata anga ndi a pisiweki, tinangogwirizana pakamwa. Zimenezi zikundikhudzabe?

Zikukukhudzani. Pangano la pakamwa ndi pangano ndithu, ndipo lamulo la chipukuta misozi cha antchito limawerengera munthu kaya analembedwa papepala kapena ayi, kaya mumamulipira pa tsiku kapena pa ntchito yomwe wamaliza. Inu eni nyumba amene mwaitana nokha mmisiri ndi anyamata ake, n'kumawagulira zipangizo ndi kuwauza chochita m'mawa uliwonse, musadziike patali ngati alendo. Ngati simufuna kusenza zimenezi, perekani ntchito kwa kontilakitala wolembetsedwa ku National Council for Construction, bungwe loyang'anira ntchito zomanga, muone chiphaso chake ndi maso anu, ndipo mumuuze waya uliwonse womwe mukuudziwa pa puloti yanu.

Malaiti a m'nyumba angaphedi munthu wamkulu? Ambirife tinagwidwapo koma tili moyo.

Angaphe, ndipo amapha. Mu soketi mumatuluka mavoti 230. Chimene chimapha munthu ndi kuchuluka kwa magetsi amene adutsa m'thupi, ndipo kuchulukako kumadalira mmene khungu lilili. Khungu louma limawatsekereza kwambiri. Khungu lonyowa ndi thukuta la mu Okutobala, kapena phazi lomwe laima m'madzi a konkire, limawatsegulira njira. Pamenepo magetsi odutsa m'thupi amatha kupitirira mamiliampu 200 (miliampu ndi muyezo waung'ono wa kuchuluka kwa magetsi, 1,000 amapanga ampu imodzi). Kungofika pa mamiliampu 10 mpaka 20, zala zimafumbata zokha ndipo munthu sathanso kutaya chimene wagwira. Kupitirira 50, mtima ungasokonezeke n'kuleka kupopa magazi.

Amene amati "ine ndinagwidwapo" anali ndi mwayi: anali pouma, kapena waya unamukankha m'malo momugwira. Komanso pa ntchito yomanga shoko yaing'ono imapha mwanjira ina. Munthu ali pa sikafodi, wadzidzimuka, wataya pogwira, wagwa chamutu pa silabu.

Malaiti apita, ZESCO yathimitsa dera lonse. Sitingapezerepo mwayi wogwira mawaya?

Ayi. Pa mafunso onse ali pano, ili ndi lomwe limandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa chizolowezichi chinamera mizu mu 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo magetsi ankathima maola ambirimbiri tsiku lililonse. Anthu anazolowera kuona waya ngati chingwe chabe. Kapitawo amayang'ana babu, n'kunena kuti "kulibe malaiti, kwera msanga asanabwere." Mawu amenewo ndi otumiza munthu ku imfa. Ndandanda ya kuthima kwa magetsi sinalembedwe kuti iteteze mmisiri. Magetsi amabwera nthawi ina iliyonse, osagogoda.

Pali chachiwiri chimene ambiri sachidziwa. Nyumba ndi mashopu ambiri tsopano ali ndi majenereta, mabatire ndi ma sola. Jenereta ikalumikizidwa ku mawaya a nyumba popanda swichi yopatula nyumbayo ku laini ya ZESCO, magetsi ake amabwerera chammbuyo, kulowa mu laini ya mumsewu. Akafika pa thiransifoma amakwezedwa mpaka kufika pa mavoti masauzande. Ndiye kuti dera lonse lili mumdima, koma waya uli moyo chifukwa cha jenereta ya munthu amene simukumuona n'komwe. Chimodzimodzi m'nyumba yomwe mukuikonza: mwazimitsa meni swichi, koma invata, chida chosandutsa magetsi a batire kukhala a m'nyumba, ikudyetsabe masoketi ena. Mapanelo a sola nawo, dzuwa likangowaomba akutulutsa magetsi, kaya ZESCO ilipo kapena palibe.

Wolemba ntchito afunse mwini nyumba za zinthu zitatuzi ntchito isanayambe: pali jenereta? pali invata? pali sola padenga? Ndipo jenereta ya pa saiti yanu isalumikizidwe ku mawaya a nyumba mwachisawawa, poti mungaphe wantchito wa ZESCO amene ali pa polo kutali ndi inu.

Nanga kuzimitsa koyenera n'kotani?

Zimitsani pa bokosi pomwe magetsi akulowera, mukhome ndi loko, kiyi isungidwe m'thumba la munthu amene akugwira wayayo. Osati kwa kapitawo, osati pa msomali. Pachikanipo chikwangwani cholembedwa m'Chinyanja kuti pali munthu akugwira ntchito, asayatse. Ngati ogwira ali awiri, aliyense aike loko yakeyake.

Kenako yesani waya. Kasikuludilaiva koyaka nyali kaja sikokwanira, kamanama, makamaka masana dzuwa likuswa mtengo pomwe kanyaliko sikaoneka. Pamafunika tesita ya nsonga ziwiri. Muiyese kaye pomwe mukudziwa kuti pali magetsi, muyese waya wanu, mubwererenso kukaiyesa kuti mutsimikize kuti sinafere m'manja. Ndinaonapo mmisiri atazimitsa bwinobwino, wapita kuseri kukalumikiza, mnzake wobwera kumene akufuna kudula chitsulo anangokweza swichi. Chinamupulumutsa ndi chakuti anali atatsika kukatenga tepi. Loko wa ndalama zochepa akanachotsa mpata wonsewo.

Pamwamba pa puloti yanga pakudutsa mawaya a ZESCO. Nditani?

Pitani ku ofesi ya ZESCO musanakumbe maziko. Iwo ndi amene angakuuzeni kuti laini imeneyo ndi ya mphamvu yanji, mpata womwe uyenera kusiyidwa ndi wotani, ndiponso ngati ingazimitsidwe pa tsiku lomwe mwagwirizana kapena kusunthidwa. Pansi pa malaini pamakhala mpata woletsedwa kumangapo, ndipo kumanga momwemo ndi kuika pangozi omanga lero ndi okhalamo mawa.

Mawaya ambiri a pa mapolo alibe chokutira. Malaini odutsa m'makomboni ndi m'mbali mwa misewu ena amanyamula mavoti 11,000, ena 33,000, ndipo laini yaikulu yochokera ku Pensulo kudzera ku Msoro kufika kuno imanyamula 330,000. Pa mphamvu yotere simuchita kufunika kugunda waya. Magetsi amalumpha mpata n'kukupezani. Muyezo womwe amisiri ambiri amatsata pa malaini a m'tauni ndi wakuti munthu, chitsulo kapena makina zisayandikire kuposa mamita 3, ndipo laini ikamakula mpatawo umakulanso.

Tsono mamita atatuwo musawayeze kuchokera pamutu pa munthu. Yezani kuchokera kunsonga ya chinthu chachitali chomwe anyamule. Chitsulo cha mu konkire chimabwera chotalika mamita 12. Lata lalitali, mphepo ikaliomba, limapita komwe lafuna. Mapaipi a sikafodi, makwerero a chitsulo, gatala, tipa yomwe ikukweza bodi kuti itsitse mchenga, galimoto yokumba mjigo ikamaimiritsa mlongoti wake: zonsezi ndi zomwe zimafikira waya. Nyumba yomwe inali kutali ndi laini pa maziko imadzapezeka pafupi nayo pofika pa nsanjika yachiwiri, ndipo ngozi zambiri zimadikira tsiku lofolera.

Ntchito ya abwana apa ndi yooneka ndi maso. Zingani mpanda kapena chingwe pansi kusonyeza posafika. Musaunjike mchenga, zitsulo kapena malata pansi pa laini, poti pomwe mwaunjika ndi pomwe anthu azinyamulira. Zinthu zazitali zinyamulidwe chogoneka, anthu awiri. Tipa ikamatsitsa, pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kuyang'ana kumwamba basi. Ndipo wina asakunamizeni kuti akankha waya ndi mtengo kapena auphimba ndi paipi ya pulasitiki. Laini ya ZESCO amaigwira a ZESCO okha.

Za pansi pa nthaka nazo?

Safunsa anadya phula. Funsani a ZESCO, funsani mwini puloti ndi oyandikana nawo ngati pali chingwe chopita ku mjigo, ku geti kapena ku nyumba ya kuseri. Pomwe mukukayikira, kumbani pang'onopang'ono ndi fosholo, osati piki. Mukaona tepi yochenjeza, mchenga woyalidwa kapena njerwa zondandalikidwa pansi, imani, chingwe chili pafupi.

Pa saiti timangokoka chingwe kwa neba kwa miyezi ingapo. Pali vuto?

Magetsi ongoyembekezera ndi omwe amakhala oipitsitsa, chifukwa aliyense amati "n'zamasiku ochepa." Masiku ochepawo amakwana chaka. Chingwe chimagona pansi, wilibala ikuchiponda, madzi a konkire akuchinyowetsa, pomwe chaduka amangopotokola n'kumangapo pepala la pulasitiki. Pulagi ikasweka, mawaya awiri amasomekedwa mu soketi ndi timitengo ta machesi, ndipo waya wachitatu wa ethi, wobiriwira ndi chikasu uja, amangoudula poti "sugwira ntchito." Waya umenewo ndi umene umanyamula magetsi kupita nawo pansi pamene makina avulala mkati. Ukachotsedwa, njira yotsala ndi thupi la amene wagwira makinawo.

Pemphani magetsi a pa saiti mwa dongosolo lake kwa a ZESCO, kapena gwiritsani ntchito jenereta yolumikizidwa ndi mmisiri wodziwa. Pakhale bokosi lotsekeka, losalowa mvula, lokwezedwa pamwamba. M'bokosimo mukhale chida chozimitsa chokha magetsi akayamba kutayikira, chomwe amisiri amati earth leakage, cha mamiliampu 30. Bureka wamba, swichi yogwa yokha magetsi akachuluka, amateteza waya kuti usapse, ndipo amadikira maampu ambiri asanagwe. Munthu amakhala atafa kale. Earth leakage ndi yomwe imateteza munthu, poti imazimitsa sekondi isanathe n'komwe. Ili ndi batani loyesera, lidinidwe kawirikawiri. Ikamagwa pafupipafupi, ikukuuzani kuti penapake pavunda. Fufuzani pamenepo, musaidumphe ndi waya.

Zingwe zipachikidwe m'mwamba kapena zikwiriridwe mu paipi podutsa magalimoto. M'mawa uliwonse wina aziyang'ana galayinda, dirilo, makina owotcherera ndi osakanizira konkire. Chowonongeka chichotsedwe pa saiti tsiku lomwelo, poti chikangotsamiritsidwa pakona wina adzachitola.

Ndani ayenera kugwira ntchito ya magetsi?

Amene anaiphunzira ndipo ali ndi pepala lake, monga satifiketi ya TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja. Kuno kwathu sukulu ya Chipata Trades Training Institute ilipo, amisiri ophunzira sasowa. Mnyamata wochenjera amene "amadziwako za mawaya" angathandize kunyamula ndi kukoka chingwe chomwe sichinalumikizidwe, koma kulumikiza ndi kuyesa n'kwa mmisiri.

Magolovesi, jombo ndi helemeti agule ndani? Ndingadule pa malipiro?

Mugule ndinu, ndipo musadule. Lamulo la mu 2010 lija linati zovala ndi zida zodzitetezera zigulidwe ndi ndalama za wolemba ntchito. Koma musadzitonthoze nazo mopitirira. Magolovesi a chikopa onyamulira mabuloko satchinga magetsi. Magambutsi ong'ambika kapena olowa madzi sateteza kanthu. Magolovesi enieni a magetsi amalembedwa mphamvu yomwe angapirire ndipo amayang'anidwa asanavalidwe. Zovala ndi mpanda womaliza, zina zonse zikalephera. Bwana amene wagula mahelemeti owala koma wasiya chingwe chong'ambika m'madzi wagulira maso a anthu odutsa.

M'nyengo ya mvula tisinthe chiyani?

Kuyambira Novembala mpaka Epulo, chilichonse ndanena pamwambapa chimakula kuopsa. Zida za magetsi zisagwire ntchito pamvula kapena munthu ataima m'chithaphwi. Bingu likangomveka, onse atsike padenga ndi pa sikafodi, ndipo asabwererepo mpaka patapita mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza. Asabisale pansi pa mtengo. Lamulo limeneli aliike abwana pakamwa pawo, chifukwa wa pisiweki amene akuwerengera malata omwe wakhoma satsika yekha.

Wantchito akakana kukwera poti akuopa waya, si mwano umenewo?

Si mwano. Ameneyo wakuchitirani ntchito yomwe munayenera kuichita nokha. Pitani mukaone chimene waona. Anyamata ambiri amaopa kulankhula, chifukwa kunja kwa geti kuli anzawo khumi ofuna malo omwewo, ndiye amangoti "chabwino abwana" mtima ukugunda. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kapitawo wabwino amayamba tsiku ndi mphindi zisanu zosonkhanitsa anthu, kuwalozera mawaya, kuwauza pomwe pali swichi yaikulu, m'chilankhulo chomwe akumva, ndipo wobwera kumene amayendetsedwa saiti yonse asanagwire fosholo.

Munthu wagwidwa ndi magetsi pamaso pathu. Tichite chiyani?

Musamugwire. Mtima umakuuzani kuti mumukoke, koma mukatero ovulala akhala awiri. Thamangirani ku swichi, zimitsani, kapena zulani pulagi. N'chifukwa chake aliyense pa saiti, ngakhale mayi wobweretsa madzi, ayenera kudziwa pomwe swichiyo ili. Ngati ndi magetsi a m'nyumba ndipo swichi ili kutali, imani pouma mumukankhe ndi thabwa louma kapena chinthu cha pulasitiki.

Ikakhala laini ya pa polo, thabwa silithandiza. Talikirani mamita 10 kapena kuposa, letsani anthu kuyandikira, imbirani ZESCO. Nthaka yozungulira waya wogwa imakhala ndi magetsi, ndipo munthu woyenda mapazi otalikirana amawalowetsa mwendo umodzi n'kutulukira winawo. Dalaivala wa tipa yomwe yagunda waya akhale momwemo mpaka a ZESCO atsimikize kuti azimitsa. Pokhapokha galimoto ikayamba kuyaka ndi pomwe angalumphe, mapazi pamodzi, osagwira galimoto ndi nthaka nthawi imodzi, n'kuchokapo mokhwekhwereza mapazi.

Munthu akachoka pa magetsi, onani ngati akupuma. Ngati sakupuma, mugonekeni chagada, dinani pakati pa chifuwa mwamphamvu ndi mofulumira, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, ndipo wodziwa amuuzire mpweya kawiri pakatha kudina 30 kulikonse. Musaleke mpaka chithandizo chifike. Osamuthira madzi kuti atsitsimuke, osamukwirira mumchenga, osamumwetsa mkaka. Zimenezo zimangodya mphindi zomwe mtima wake ukuzifuna. Moto wa magetsi nawo sazimitsa ndi madzi: zimitsani swichi, gwiritsani chozimitsira moto cha ufa.

Zonsezi sizichitika zokha pa tsiku la ngozi. Abwana aphunzitsiretu munthu mmodzi kapena awiri chithandizo choyamba, bokosi la mankhwala likhalepo, manambala a ZESCO ndi a ambulansi alembedwe pakhoma, ndipo zidziwike kuti galimoto yothamangira kuchipatala ndi iti.

Wadzuka, akuti ali bwino, akufuna kupitiriza ntchito. Timulole?

Ayi, apite kuchipatala. Magetsi amaotcha mkati momwe maso saona. Pakhungu pangaoneke kabala kakang'ono pomwe analowera ndi pomwe anatulukira, koma mnofu wapsa m'njira yonse, ndipo mtima ungayambe kugunda mosokonekera pambuyo pake. Kuno m'tauni pitani naye ku Chipata Central Hospital. Ku Katete, Petauke, Lundazi kapena Chadiza, chipatala chomwe chili pafupi. Muwauze adokotala kuti anali magetsi a mtundu wanji ndiponso ngati anakomoka kapena kugwa.

Ngozi ikachitika tikanene kuti, ndipo chipukuta misozi chichokera kuti?

Lamulo la Workers' Compensation Act la mu 1999 limafuna kuti wolemba ntchito alembetse ku Workers' Compensation Fund Control Board, bungwe losunga thumba la chipukuta misozi cha antchito, ndi kumasonkha ku thumba limenelo. Ndalama yake imachokera kwa abwana, osati pa malipiro a wantchito. Ngozi ikagwa, inenedwe kumeneko pasanathe masiku atatu mutaidziwa, ndiponso a ku ofesi ya leba adziwitsidwe. Thumbalo ndi lomwe limathandiza wovulala pa chithandizo ndi pa ulumali, ndipo munthu akamwalira limathandiza mkazi kapena mwamuna wake ndi ana.

Chomwe ndimachiona kawirikawiri n'chakuti wantchito akamwalira abwana amagula bokosi la maliro, amatumiza thumba la ufa kusiwa, n'kupempha akubanja kuti nkhani ithere pomwepo. Kuthandiza pamaliro ndi umunthu, pitirizani. Koma ufa umatha sabata imodzi, pamene ana a malemu ali ndi zaka khumi za sukulu kutsogolo kwawo. Musawatsekere khomo la chipukuta misozi chomwe lamulo linawaikira chifukwa choti simunalembetse ndipo mukuopa kufunsidwa.

Nanga shoko yaing'ono yomwe sinavulaze munthu, nayonso tizilemba?

Lembani. Sungani kope pa saiti: tsiku, chida, malo, amene anagwidwa, chomwe chakonzedwa ndi amene wakonza. Mnyamata akati makina osakanizira konkire "akuluma" akawagwira, ndiye kuti magetsi afika kale pa chitsulo chakunja ndipo ethi palibe. Lero waima pouma atavala jombo. Zimitsani makinawo pomwepo, zulani pulagi, itanani mmisiri, ndipo konkire ya tsikulo isakanizidwe ndi mafosholo.